Chitsime chathu chili kumunsi kwa mtaya: kodi kuthira klorini n'kokwanira?

Make Tadala:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhawa, mundigawireko nzeru. Tinasamukira pa puloti yathu zaka zinayi zapitazo, ndipo poti mipopi sinafike kuno tinakumbitsa chitsime cha mamita 9 kuseri kwa nyumba. Kumtunda kwathu, ulendo wa mphindi khumi wapansi, kuli mtaya waukulu komwe magalimoto amakhuthulako zinyalala za m'tauni. Chilimwe chonse madzi amakhala oyera mbee. Koma mvula ikangokhazikika, cha mu Januwale muno, amasanduka ngati tiyi wochepa masamba, ndipo akagona m'ndowa pamwamba pamabwera kautawaleza ngati ka mafuta. Fungo lake si lachimbudzi ayi, likumveka ngati la mankhwala. Ine ndimathira klorini, a mwana wamng'ono ndimachita kuwiritsa. Kodi pamenepo ndatetezeka?

Malume a Kudimba:
Mayi, musadzidwalitse ndi maganizo. Dothi limasefa. Ife takula tikumwa madzi a pachitsime dzala lili pomwepo, mpaka lero tili gwa. Nthawi ya dzinja chitsime chilichonse chimavunduka.

Nangozo wa Zaumoyo:
Make Tadala, choyamba musasiye kuthira klorini, chonde. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023 mmene anatipululira. Tizilombo timapha munthu m'masiku awiri, ndiye pamenepo mukuchita bwino. Koma klorini ntchito yake ndi kupha tizilombo basi. Mankhwala osungunuka m'madzi sawachotsa. Za fungo mukunenalo ndikupempha aphunzitsi athu alowererepo.

Wokumba Mijigo:
Aphunzitsi asanabwere ndifunseko. Chitsimecho chinamangidwa njerwa mpaka pansi? Pakamwa pake pali simenti yozungulira ndi chivindikiro? Ndipo kumunsi kwanu kuli dambo kapena kamtsinje?

Za kautawalezako yesani izi mawa m'mawa. Tengani kamtengo mukhudze pamwamba pa madziwo. Kakasweka zidutswazidutswa ngati galasi, osabwereranso pamodzi, n'kutheka ndi tizilombo tomwe timadya ayironi wa m'nthaka, timapezeka kwambiri m'madambo ndipo si toopsa. Koma kakamazungulira n'kudzalumikizananso, amenewo ndi mafuta enieni.

Make Tadala:
Njerwa zinalekera pakati. Chivindikiro ndi lata. Dambo lilipo, pansi pathu pomwepa, nyumba zitatu zokha kuchokera pano.

Wokumba Mijigo:
Ndiye mwakhala pakati pa mtaya ndi dambo. Pepani mayi, koma malo amenewo ndi omwe ine ndimawaopa. Madzi a pansi pa nthaka sakhala phee monga anthu amaganizira, amayenda, ndipo kawirikawiri amatsata mmene malo atsetserekera, kuchoka kumtunda kulunjika kudambo. Chilichonse chomwe chalowa pansi kumtayako njira yake ndi yodutsa pansi pa nyumba yanu.

Aphunzitsi a Sayansi:
Pepani ndachedwa, ndinali kuchonga mayeso. Malume, mawu anu ali ndi mbali yoona. Dzala la makolo athu linali la makoko a mbatata, madeya, phulusa ndi ndowe. Zimenezo zimaola, ndipo dothi limathana nazo. Mtaya wa m'tauni lero ndi chinthu china. Mumalowa zitini za penti ndi thina, oyilo wakutha wa m'magalaja, mabotolo a mankhwala ophera mbozi, mankhwala a chipatala otha ntchito, guluu, zotsala za ochapa masuti, majumbo, matiresi, mawaya ndi mafoni akufa. Mvula ikagwa imalowa m'mulu wonsewo monga madzi alowera m'chidulo, n'kutulukira pansi itatenga zonse zomwe yatha kusungunula. Madzi akuda onunkha aja mumawaona akuchucha m'mphepete mwa mtaya akatswiri amawatcha leachate. Amene mumawaonawo ndi ochepa, ambiri amalowa pansi.

Mankhwala omwe tikunena pano ndi a gulu lomwe maziko ake ndi kaboni, ndipo khalidwe lawo si limodzi. Ena monga DDT, dieldrin, ma PCB a mu oyilo wa matiransifoma akale ndi ma dioxin sakonda madzi, amakakamira ku dothi ndi ku mafuta. Amenewa sathamangira kuchitsime, koma saola msanga, amakhala zaka makumimakumi. Ndi omwe mayiko anagwirizana kuwathetsa pa pangano la ku Stockholm la 2001, poyambira anali khumi ndi awiri.

Ena ndiye amayenda ndi madzi: benzene wa mu petulo, trichloroethylene wotsukira girisi pa zitsulo, perchloroethylene wa ochapa masuti, phenol, ndi ma PFAS omwe amapaka pa nsalu ndi mapepala kuti asalowe madzi kapena mafuta. Awa ndiwo adani a chitsime. Bungwe la WHO limati benzene asapitirire maikirogalamu 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa. Kuti mumvetse kuchepa kwake, kasupuni kamodzi ka tiyi ka benzene n'kokwanira kufikitsa pa mlingo umenewo malita oposa 400,000, kunena kuti ndowa za malita 20 zoposa 20,000. Pa mlingo wotero simungamuone, simungamununkhize. Ndipo benzene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi.

Malume a Kudimba:
Koma aphunzitsi, ngati zili choncho bwanji sitikuona maliro a anthu omwa madzi a kumtaya?

Aphunzitsi a Sayansi:
Chifukwa sapha ngati kolera. Munthu amamwa pang'onopang'ono zaka khumi, khumi ndi zisanu, kenako chiwindi kapena impso zimayamba kuvuta. Pamaliro timati anadwala nthawi yaitali, palibe woloza chitsime. Si aliyense womwa amene adzadwale ayi, koma mpata wodwala umakwera, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera.

Achimwene a ku Buffalo:
Moni kumudzi. Nkhaniyi yandikhudza chifukwa komwe ndikukhala kuno ku America ndi pafupi ndi Niagara Falls, komwe kuli malo otchedwa Love Canal. Inali ngalande yomwe anaikumba cha m'ma 1890 n'kuisiya osamaliza. Kuyambira 1942 mpaka 1953 kampani ya Hooker Chemical inakwiriramo matani pafupifupi 21,000 a zotsala za mankhwala, zambiri zili m'migolo. Anakwirira ndi dothi, pamwamba pakumera udzu wokongola. Mu 1953 malowo anagulitsidwa kwa oyendetsa sukulu pa mtengo wa dola imodzi, anamangapo sukulu ya pulayimale, nyumba n'kuzungulira.

Zaka zoposa makumi awiri anthu ankakhala osadziwa chomwe chili pansi pa bwalo lomwe ana awo ankasewera. Cha kumapeto kwa ma 1970 kunagwa chipale ndi mvula yambiri, madzi a pansi anakwera, migolo inali itadyeka kale ndi dzimbiri. Mankhwala anayamba kutulukira m'zipinda za pansi pa nyumba ndi m'mabwalo. Anapezamo benzene, dioxin ndi ena ambirimbiri. Mayi wina, Lois Gibbs, mwana wake ankaphunzira pa sukulu yomweyo, ndiye anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa anzake. Mu Ogasiti 1978 Pulezidenti Jimmy Carter analengeza kuti pamalopo pagwa ngozi, mabanja oposa 200 anasamutsidwa poyamba, ndipo pomafika 1980 anasamuka ena mazanamazana. Chaka chomwecho cha 1980 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Superfund loyeretsera malo otere.

Chomwe chimandiopsa ine ndi ichi: anthu aja ankamwa madzi a m'mipopi, osati a pachitsime, koma mankhwala anawapezabe kudzera m'madzi a pansi. Nanga inu amene mukutunga pansi pomwepo? Ndipo mpaka lero pamalopo pali mpanda, akupopabe madzi oipawo n'kumawayeretsa.

Make Tadala:
Mayo ine. Ndiye kuwiritsa kuja sikukuthandiza?

Aphunzitsi a Sayansi:
Pa tizilombo kukuthandiza kwambiri. Pa mankhwala zili pawiri. Ouluka msanga monga benzene amachoka ndi nthunzi, koma mukawiritsira m'nyumba yotseka ndiye kuti mukuwapuma. Osauluka monga ma PFAS amatsalira mumphika, ndipo madzi akamaphwera iwo amachulukirapo.

Makaniko wa Pamsika:
Ine ndaona kuti ndisangowerenga chete. Pagalaja pathu oyilo wakutha wina timagulitsa kwa ocheka matabwa ndi opaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, koma wotsala, ndi petulo yemwe timatsukira mapatsi, timathira m'kadzenje kuseri. Mafyuluta ndi zisanza timataya limodzi ndi zinyalala. Takhala tikutero zaka zisanu ndi zitatu. Pali chitsime cha anthu chapafupi ndithu. Mtima wanga wagunda powerenga za kasupuni kaja.

Aphunzitsi a Sayansi:
Mwachita bwino kunena, achimwene, ambiri akuchita zomwezo. Pezani mgolo wotseka muzisungiramo, pansi pake pakhale simenti. Petulo ndi oyilo ndi opepuka, akafika pa madzi a pansi amayandama pamwamba, pomwe zitsime zosazama zimatunga. Koma pali ena olemera kuposa madzi, monga trichloroethylene uja. Amenewo amamira, amatsika mpaka kukakhazikika m'ming'alu ya thanthwe, n'kumasungunuka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Choipa china, pansi pa mtaya mpweya wabwino kulibe, ndiye tizilombo ta m'nthaka timawaphwanya n'kusanduka vinyl chloride, yemwe ndi woopsa kuposa kholo lake. Malire ake a WHO ndi maikirogalamu 0.3 okha pa lita, ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi.

Mlamu wa ku Area 25:
Ndiye yankho ndi mjigo basi. Sonkhanani ndalama mukumbitse wa mamita 50, nkhani yatha.

Wokumba Mijigo:
Ntchito ndi yangayo, ndalama ndikanaifuna, koma ndisakunamizeni. Kuzama kokha sikuteteza. Kuno kwathu madzi ambiri timawapeza mu mwala wofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe la pansi pake. Dongo lochindikala likakhala pamwamba limatchinga ndithu. Koma mng'alu susefa kanthu, uli ngati paipi. Ukalumikizana ndi pansi pa mtaya, madzi amafika mmene anachokera. Chachiwiri, ambiri okumba motchipa amangoponya mapaipi ndi timiyala, osathira simenti yomata m'mbali mwa paipi kumtunda kuja. Mjigo wotero umasanduka njira yotsitsira madzi oipa a pamwamba kupita pansi. Chachitatu, mukaika pampu yamagetsi n'kumapopa tsiku lonse, mumakoka madzi kuchokera kutali, ndipo uve womwe ukanadutsa pambali umakhotera kwa inu.

Mamita 30 omwe timanena aja ndi a pakati pa chitsime ndi chimbudzi, poganizira kuti tizilombo timafa m'njira. Mankhwala safa m'njira. Muyezo umenewo musaugwiritse ntchito pa mtaya.

Mlongo wa ku Lusaka:
Zimene akunena bambo a mijigo ife kuno tikuzidziwa bwino. Mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa mwala wa laimu womwe uli ndi mapanga ndi mabowo pansi, ndipo madzi ali pafupi kwambiri. Ku Kanyama mvula ikagwa, za m'chimbudzi ndi za m'chitsime zimakumana. Nthawi ya kolera wa 2017 ndi 2018 boma linachita kukwirira zitsime zosazama. Mtaya wathu waukulu uli ku Chunga, koma zinyalala zambiri za m'makomboni sizifikako, anthu amataya m'maenje omwe anatsala pokumba miyala. Maenje amenewo ndi pakamwa penipeni pa madzi omwe mzinda ukumwa.

Nangozo wa Zaumoyo:
Ndiwonjezere za tameki, poti tonse timamudziwa ndipo amagulitsidwa poyera ngati mankhwala a makoswe. Timapepala take ndi makoswe akufa zonse zimathera kudzala.

Aphunzitsi a Sayansi:
Mwakumbutsa chinthu chofunika. Dzina lake lenileni ndi aldicarb, ndipo amasungunuka m'madzi mosavuta. Ku Long Island, m'boma la New York, alimi a mbatata ya kachewere ankamuthira m'minda ya mchenga, ndipo mu 1979 anapezeka m'zitsime za anthu, mpaka anamuletsa kuderalo. Nayenso malire ake a WHO ndi maikirogalamu 10 pa lita. Botolo lililonse la mankhwala a mbewu musalitsukire pachitsime, musalisandutse la mchere kapena la mafuta ophikira.

Malume a Kudimba:
Chabwino, ndamva. Tsono ine ndimagula manyowa a kumtaya, dothi lakuda lija amasefa anyamata, ndimathira mu repu ndi tomato. Nkhuku zanganso zimapalasa komweko. Pamenepo ndiye mwati bwanji?

Aphunzitsi a Sayansi:
Pamenepo ndi pomwe gulu loyamba lija limabwerera. Mtaya umayaka pafupifupi chaka chonse, ndipo moto wofuka wa zinyalala zosakaniza ndi mapulasitiki, makamaka a PVC ndi makoko a mawaya, umabala ma dioxin. Amatera ndi phulusa pa dothi. Nkhuku ikamatola imameza dothilo, dioxin amakakhazikika mu mafuta a m'thupi mwake ndi mu gawo lachikasu la dzira. Ku Agbogbloshie mu mzinda wa Accra, komwe ankawotcha zipangizo zamagetsi zakutha, mazira a nkhuku zoyendayenda anapezeka ndi dioxin wochuluka koopsa. Malangizo anga, nkhukuzo muzitsekere kutali ndi mtaya, ndipo manyowa muzipanga nokha ndi mapesi, masamba ndi zitosi. Dothi la kumtaya limabweranso ndi mtovu wa mabatire, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mlamu wa ku Area 25:
Kodi mayiko ena amatani? Zinyalala ndiye kulikonse zilipo.

Achimwene a ku Buffalo:
Kuno lamulo limafuna kuti mtaya watsopano ukhale ngati beseni. Pansi amatsendera dongo lochindikala masentimita 60, pamwamba pake amayala chipulasitiki cholimba chomatidwa bwino, kenako mapaipi osonkhanitsa madzi akuda aja kuti akayeretsedwe. Madzulo aliwonse zinyalala amazikwirira ndi dothi kuti mvula isalowe yambiri. Kuzungulira malowo amakumba timijigo toyezera, kumtunda ndi kumunsi, ndipo akautseka amayezabe zaka 30. Penti, oyilo ndi mankhwala ali ndi kotaya kwake. Ngakhale zili choncho mitaya yakale ikuwavutitsabe, ndipo ma PFAS ndiye mutu waukulu tsopano. Mu 2024 bungwe loona zachilengedwe kuno la EPA linaika malire a PFOA ndi PFOS, mitundu iwiri ya ma PFAS, pa mananogalamu 4 pa lita (mananogalamu 1,000 ndiwo maikirogalamu imodzi).

Wokumba Mijigo:
Kwathu kuno, kaya ndi Mzedi ku Blantyre kaya Area 38 ku Lilongwe, ndi malo ongokhuthulirapo, ndipo pomwe ankasankhidwa anali kunja kwa tauni. Lero tauni yawapeza, mapuloti afika m'mphepete. Makhonsolo a m'maboma ndiye ambiri amataya m'maenje a njerwa ndi a gelevulo, omwe dothi loteteza linachotsedwa kale. Malamulo tili nawo: la zachilengedwe la 2017 lomwe linabweretsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndi la zamadzi la 2013 lomwe linabweretsa National Water Resources Authority. Koma munthu wogula puloti amafunsa za msewu ndi magetsi, safunsa kuti madzi a pansi akuchokera mbali iti.

Make Tadala:
Ifenso sitinafunse. Tinangoona kutchipa. Ndiye ndiyezetse kuti? Chaka chatha anabwera ena kudzatenga madzi m'kabotolo, anati alibe vuto.

Aphunzitsi a Sayansi:
Mufunse kuti anayeza chiyani. Kuyeza kwa masiku onse kumaona tizilombo ta m'chimbudzi, kuvunduka, mchere, ayironi, fluoride ndi nitrate. Pepala likhoza kunena kuti zonse zili bwino pomwe benzene sanamufufuze n'komwe. Mankhwala tikunenawa amafuna makina otchedwa GC-MS, madzi ake amatengedwa m'timabotolo tagalasi todzaza mpaka pakamwa popanda kathovu ka mpweya, n'kusungidwa pozizira. N'zodula, banja limodzi silingakwanitse.

Koma pali poyambira potchipa. Madzi a kumtaya amakhala ndi chloride (wa mumchere, osati klorini uja) ndi ammonia wambiri, ndipo chloride sakakamira ku dothi, amathamanga patsogolo pa anzake onse. Ali ngati kalambulabwalo. Mukayeza zitsime zingapo, china cha kumtunda kwa mtaya, zina za kumunsi motsatana mpaka kudambo, n'kupeza kuti za kumunsi zili ndi mchere ndi ammonia wokwera kuposa cha kumtunda, ndiye kuti madzi a kumtaya akufika. Muyeze pano m'dzinja, mudzabwerezenso mu Okutobala. Ndi manambala amenewo m'manja, mukapita ku khonsolo ndi ku MEPA ngati mudzi, limodzi ndi amfumu ndi khansala, pempho loti abwere adzayeze mankhwala enieniwo limakhala ndi mphamvu.

Mlamu wa ku Area 25:
Nanga kusefa ndi makala? Ndinaona pa YouTube akuika mchenga ndi makala mu ndowa.

Aphunzitsi a Sayansi:
Mchenga umachotsa matope. Makala omwe amagwira mankhwala ndi ena, okonzedwa pa moto waukulu ndi nthunzi mpaka kukhala ndi timabowo tosawerengeka, amawatcha activated carbon. A pambaula amagwirako pang'ono chabe. Ngakhale okonzedwawo amakhuta, ndipo akakhuta madzi amangodutsa akuoneka oyera, inu osadziwa. Popanda kuyeza, sefa wotere akhoza kukupatsani mtendere wabodza.

Nangozo wa Zaumoyo:
Make Tadala, poyembekezera zonsezi, akumwa, ophikira ndi a phala la mwana musatunge pachitsimepo. Kodi kiyosiki ya madzi a m'mipopi ili kutali bwanji? A pachitsime akhale okolopera ndi ochapira, ndipo muzichapira panja. Mvula ikamagwa kingani a padenga, koma oyamba aja muziwataya chifukwa amatsuka mwaye wa utsi wa kumtaya, otsatirawo muthire klorini monga mwa nthawi zonse. Ngati pali woyembekezera pakhomopo ayambe lero lomwe.

Make Tadala:
Kiyosiki ili kutsidya kwa dambo, ulendo wa mphindi makumi awiri. Woyembekezera alipo, mng'ono wanga, miyezi isanu. Ndawerengera, ndowa ziwiri patsiku zitikwanira kumwa ndi kuphika. Bambo a kunyumba avomera kuti azikatenga pa njinga m'mamawa asanapite kuntchito. Koma mzere wathu uno tili mabanja khumi ndi anayi, zitsime zisanu ndi chimodzi, ndipo ena alibe ndi ya ndowa imodzi yomwe.

Makaniko wa Pamsika:
Mgolo ndaupeza, kadzenje kaja sitithiramonso. Koma dothi lomwe lanyowa kale ndi oyilo ndilichite bwanji aphunzitsi? Ndilikumbe?

Aphunzitsi a Sayansi:
Likumbeni lonse lomwe lada, muliunjike pa simenti kapena pa pulasitiki wochindikala pansi pa denga kuti mvula isalikhudze, dzenjelo mutsekemo dongo. Musaliwotche, musakalitaye kumtsinje. Kenako mufunse a zachilengedwe ku khonsolo komwe lingapite. Eni chitsime chapafupicho muwauze, ali ndi ufulu wodziwa.

Make Tadala:
Bambo a mijigo, ndayesa za kamtengo zija m'mawa uno. Sikanasweke. Kanazungulira n'kubwerera pamodzi.

Wokumba Mijigo:
Ndamva mayi. Kamakina koyezera mchere m'madzi ndili nako, timapepala ta ammonia ndikabwereka kwa mnzanga woweta nsomba. Loweruka ndili ndi ntchito chakufupi ndi kwanuko, ndidzafika cha m'ma 2 koloko, sindidzalipiritsa. Muwauze eni zitsime zonse zisanu ndi chimodzi asadzathire klorini m'chitsime tsiku limenelo ndisanatunge, ndipo mundipezere wina wa kumtunda kwa mtaya yemwe angatilole kutunga pake. Aphunzitsi, mudzakhalapo kuti mudzalembe manambala?

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndidzabwera ndi kope ndi mabotolo. Make Tadala, munditumizire kumbali malo okumanirana.